Alendo Salipa Chindapusa

"Mwachita dala, bambo. Ana ndi atatu, inu mwanena awiri."

Bambo anali asanaike n'komwe foni pansi. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Ndanena akuluakulu anayi, ana awiri, ndi kamlendo kamodzi. Mpando wake ukhalapo. Vuto lili pati?"

"Kamlendo mukunenako kakhala m'nyumba ya achimwene zaka ziwiri."

"Maëlle, kuno tabwera kudzapuma. Khoti lakolo ukalitsegule tikabwerera kumunsi."

Tinali m'kanyumba kamatabwa komwe timachita lendi chaka chilichonse pa tchuthi cha Febuluwale, kuphiri, kumtunda kwa mudzi wa Charmey. Amayi ali moyo ndiwo ankaimba foni kusungitsa tebulo kulesitilanti, koma chimwalirireni ntchitoyo ndi ya bambo. Achimwene anga a Gaétan anali pakhomo, atagwada, akumanga Zélie zingwe za jombo. Zonse anamva. Anangokoka chingwe mwamphamvu mpaka mwana anati akumufinya phazi.

A Gaétan ali ndi ana awiri a kwa mkazi woyamba: Aurèle wa zaka zisanu ndi ziwiri, ndi Zélie wa zaka zinayi. Banja lija litatha anakwatira alamu anga a Dulce, omwe anabwera ndi mwana wawo, Nuno, wa zaka zisanu ndi chimodzi. A Dulce anabadwira kumunsi, m'tauni ya Bulle, ngati ine ndemwe, koma poti makolo awo anachokera ku Portugal, bambo amawalankhula pang'onopang'ono ngati ali ndi vuto la makutu, mpaka kuwafotokozera kuti tchizi amachokera ku mkaka. Chaka chatha Nuno anali ndi chikuku, anatsala kumunsi ndi amayi ake. Aka kanali koyamba kukwera naye kuphiri.

Wogwetsa buledi mumphika wa fondue, tchizi wosungunula amene onse amaviikamo buledi ndi mafoloko, amalipa chindapusa, zimenezo aliyense amadziwa. Kwathu wamkulu amagula botolo la vinyo. Mwana amavula jombo, kukwera pampando, n'kuimba nyimbo lesitilanti yonse ikumva. Akatsika bambo amamukoka khutu n'kumuuza kuti, "Chitsiru cha kwa Dousse, ngati agogo ako." Dousse ndi dzina la banja lathu. Ine khutu langali analikoka kangapo. A Gaétan ndiye sitingawerenge.

Aurèle anali atamufotokozera Nuno zimenezi mpaka kutopetsa. Ndiye kuyambira pa Khirisimasi, Lachitatu lililonse masana Nuno ankabwera m'galaja momwe ndimakonzera njinga za anthu, kudzayeserera nyimbo yake poti kumeneko kunalibe womuseka. Anaipeka yekha, ya mbuzi imene inadya chipewa cha wapositi. Ankaima pabokosi la matayala, manja kumbuyo, n'kuiyamba. Nuno ndi mwana woti munthu wachilendo akamupatsa moni amayankha akuyang'ana nsapato zake. Koma pabokosipo mawu ankatuluka.

Tsiku lina anandifunsa. "Anti Maëlle, nanga buledi wanga akapanda kugwa?"

"Usadandaule. Ukabaya pofewa pokha, osafika pakhungu lake lolimbalo, agwa yekha."

Anabwereza mawuwo kawiri kuti asaiwale.

Tinafika kulesitilanti dzuwa lili pamutu, ana masaya ali psu ndi mphepo ya m'mawa wonse. Munali modzaza. Majekete anali mulu pakhomo, mawindo atachita nthunzi. Zélie atangolowa anatseka mphuno.

"Mukununkha masokosi a agogo muno."

"Masokosi a agogo ndi amene anakulitsa bambo ako," anatero bambo, n'kumunyamula kukamukhazika pamtsamiro.

Tinaitanitsa fondue wa tchizi wotchedwa vacherin, wosungunula ndi madzi osati vinyo, kuti ana adye mumphika umodzi ndi ife. Aurèle anapempha chakumwa chozizira. Bambo anapukusa mutu: tiyi basi, apo ayi tchizi akauma m'mimba ngati mwala ndipo dokotala akachita kuswa ndi hamala. Aurèle anayang'ana bambo ake kuti amve ngati n'zoona. A Gaétan anati tiyi ndi wabwino.

"Amake Nuno," anatero bambo, mawu aliwonse paokhapaokha, "chozizira sitimwera fondue."

"Ndikudziwa, bambo. Ndinagwirapo ntchito m'malo ngati ano."

"Ndiye bwino."

Kudya fondue ndi ana ang'onoang'ono si kudya, ndi ulonda. Moto uli pakati pa tebulo, mafoloko ndi aatali ngati mkono wa mwana, ndipo Zélie yake anali ataisandutsa kale lupanga. A Dulce anamulanda, kumubayira buledi, kumugwira dzanja povundula, kumuuzira kuti asapse pakamwa. Iwo anali asanalawe n'kamodzi komwe. Tchizi anali kale patsitsi la Zélie ndi pamkono wa juzi yanga. Nuno anakhala pakati pa ine ndi amayi ake, ali phee, akuviika mosamala, maso ali pa agogo.

Woyamba kugwetsa anali Aurèle. Foloko inatuluka yopanda kanthu, bambo n'kumenya tebulo ndi chikhatho.

"Wagwidwa wakuba. Vula jombo."

Aurèle anachita ngati akukana, koma anali akuseka kale. Anakwera pampando n'kuimba nyimbo ya kusukulu, mofuula, mawu akuthawa kumapeto. Atebulo loyandikana anaomba m'manja. Atatsika bambo anamukoka khutu.

"Chitsiru cha kwa Dousse, ngati agogo ako."

Posakhalitsa Zélie naye anagwetsa, ngakhale kunena zoona foloko inali m'manja mwa a Dulce. Anamuimika pampando, anaimba mawu atatu, kuiwala otsatira, kuyamba kulira, kenako kuseka bambo atamugwira kakhutu ndi zala ziwiri.

Ndinamva kanthu kakundigunda mwendo. Nditayang'ana pansi pa tebulo ndinaona jombo za Nuno zitaikidwa bwinobwino pambali, iye ali ndi masokosi okha. Anandiyang'ana kamodzi. Anatenga buledi, kubaya pofewa, kuviika, kuvundula kawiri, n'kukweza foloko. Inalibe kanthu. Anaigwira m'mwamba kuti onse aione.

"Wagwa," anatero ndi mawu aang'ono.

Bambo anasuzumira mumphika. Analowetsa foloko yawo, kufufuza, kuvuula buledi uja, n'kumuika pambale ya Nuno mwaulemu wonse.

"Palibe kanthu, bwana. Alendo salipa chindapusa. Idyani."

Nuno anayang'ana buledi pambale. Bondo limodzi anali atalikweza kale pampando. Analitsitsa pang'onopang'ono.

"Zikomo, bambo," anatero a Dulce osakweza maso.

A Gaétan anali akuthira tiyi m'kapu yomwe inali yodzaza kale. Ndinawaponda phazi pansi pa tebulo. Analichotsa.

Nkhani zinapitirira. Bambo anayamba kudandaula za mtengo wa matikiti okwerera kuphiri, ndi za anthu a ku Geneva osadziwa kuimika galimoto. Nuno anabayanso pofewa, kuviika, kukweza foloko.

"Wagwanso."

"Taonani, foloko timabaya chonchi." Bambo anatenga buledi wina n'kumuonetsa, kulowetsa pofewa mpaka kukagwira khungu. "Mwaona? Muzolowera. Amayi anu akakuphunzitsani kunyumba."

Anavuulanso wogwa uja n'kumuika pambale, pafupi ndi woyamba. Aurèle anasiya kutafuna. Anayang'ana agogo, kuyang'ana Nuno.

Kachitatu Nuno sanavutike ndi foloko. Anapisa dzanja m'dengu, kutapa buledi wodzaza chikhatho, kuimirira, n'kumuponya yense mumphika. Tchizi anathovukira pansalu ya tebulo ndi pamagalasi a bambo. Kenako anaima chilili, manja kumbuyo, kudikira.

Bambo anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Sanamuyang'ane n'komwe Nuno.

"Amake Nuno, kwanu chakudya mumaseweretsa?"

"Nuno, basi," anatero a Dulce, n'kumukoka kuti akhale.

Sindikumbuka kuimirira. Ndikungokumbuka mpando wanga ukugwera kumbuyo ndi dengu lili m'manja mwanga. Buledi yense wotsala ndinamukhuthulira mumphika.

"Ndagwetsa, bambo. Mwaona? Itanitsani botolo, ndilipira. Ine ndimalipira poti ndine wanu. Nanga iyeyu?"

"Khala pansi, iwe."

"Aurèle wagwetsa kamodzi, waimba. Zélie sanagwire n'komwe foloko, waimba. Uyu wagwetsa katatu."

"Ndiye ndalakwa kumuchitira chifundo?" Bambo anavalanso magalasi, ndipo choipa n'chakuti ankaoneka odabwa zenizeni. "Mwana wamanyazi chonchi, ndimuimike pampando pamaso pa anthu onsewa? Ndimukoke khutu? Kuti mawa muzikanena kuti mdala Dousse amazunza mwana wa eni?"

"Wa eni ndani? Eni akewo ali kuti? Si awa akhala apawa?"

Ndinaloza a Gaétan. Anali akupukuta tchizi patsitsi la Zélie, tsitsi limodzilimodzi.

"Maëlle, anthu akutiyang'ana," anatero.

"Aziyang'ana. Poimba Aurèle ankayang'ananso."

"Sukulu unaithawa ndi mtima womwewu," anatero bambo. "Aliyense wolakwa, wolungama iwe wekha."

Pamenepo m'mutu munangoti ng'a. Ndinakoka mpando wa Nuno kuuika pakati pa kanjira, pamene aliyense akanauona.

"Nuno, kwera. Imba ya mbuzi ija. Sitikupempha chilolezo kwa munthu. Kwera."

Mtsikana woperekera zakudya anaima ndi mphika wa tebulo lina m'manja. Kunkangomveka kamoto pansi pa mphika wathu. Nuno anayang'ana mpando, kuyang'ana nkhope zonse zija, kenako kundiyang'ana ine, ndipo sanandiyang'ane ngati mnzake wa m'galaja. Anadutsa pansi pa mkono wanga n'kuthamangira kuchitseko, ndi masokosi omwewo.

A Dulce anawerama, kutola jombo zija. Poimirira anandiyandikira mpaka ndinamva mpweya wawo, ndipo analankhula motsitsa kuti ana asamve.

"Mwana wanga si ndodo yoti uzimenyera bambo ako. Wamva?"

"Alamu, ine ndimafuna..."

"Ndikudziwa zimene umafuna."

Anatuluka. Ndinatsala nditagwira mpando wopanda munthu. Ndinaubweza pamalo pake, kudzutsa wanga, n'kukhala. Atebulo loyandikana anayambiranso nkhani zawo, mokweza kuposa poyamba.

Mumphika munali phala la buledi lokhalokha. Bambo anamuvuula mmodzimmodzi, kuunjika pambale yopanda ntchito. Atafika pansi anazimitsa moto, kutenga mpeni, n'kuyamba kupala nkhoko za tchizi zija timazitcha sisitere, zimene ana amalimbirana chaka chilichonse.

"Agogo," anatero Aurèle, "Nuno anali ndi nyimbo ya mbuzi. Ndi yoseketsa. Anapeka yekha."

Mpeni unaima pang'ono, kenako unapitiriza.

"Idya, Aurèle."

Nkhoko zinatuluka zathunthu, zofiirira bwino. Bambo anazidula patatu. Kachidutswa kwa Zélie, kena kwa Aurèle. Chachikulu anachiika pambale ya Nuno, pafupi ndi buledi wozizira uja.

"Chachikulu n'cha mlendo," anatero. "Munthu asadzanene kuti tinamumana."

Ndikanakhala pamenepo ndikanaswa mbale. Ndinatuluka wopanda jekete.

Ndinawapeza pabenchi la kuseri, pafupi ndi mulu wa nkhuni. A Dulce anali atamuvula masokosi onyowa, mapazi ake ali m'kati mwa juzi yawo, pamimba. Nuno sanali kulira. Ankakanda chipale pabenchi ndi chala.

"Nuno, pepa. Sindimayenera kukukalipira."



"Anti Maëlle, ndinagwetsa molakwika?"

"Ayi. Unagwetsa bwino kwambiri."

"Ndinabaya pofewa."

"Ndinaona."

"Ndiye bwanji?"

A Dulce anavula magolovesi awo n'kumuveka kumapazi m'malo mwa masokosi, kenako jombo pamwamba.

"Tikwera basi yotsika ku Bulle," anatero, akumanga zingwe. "Tikagona kwa amayi. Katundu wathu mubwera naye Loweruka."

"Alamu, musapite chifukwa cha ine."

"Iwe ndiwe wopusa chabe, Maëlle, ndipo zako zimatha. Za bambo akonso ndinazizolowera, ndi mmene alili. Ine ndimadikira munthu mmodzi patebulo paja. Mawu awiri okha. 'Alipire, bambo.' Akanaseka onse, mwana akanaimba, tikanadya."

Chitseko chinatseguka. A Gaétan anatuluka atanyamula majekete atatu, la Nuno, la a Dulce ndi langa. Anatigawira ngati munthu wa pakhomo la holo. Kenako anagwada kuti amutseke Nuno zipi, koma Nuno anatembenuka n'kutseka yekha.

"Tiyeni m'kati, kukuzizira," anatero. "Ndaitanitsa makeke a meringue ndi kirimu. Nuno, si umawakonda?"

Nuno anayang'ana amayi ake.

"Dulce, bambo ukuwadziwa. Ndi munthu wakale. Sanatanthauze choipa, m'maganizo mwawo amamulemekeza mwanayu. Ndidzalankhula nawo pa nthawi yabwino. Tisawononge tchuthi cha ana chifukwa cha kachidutswa ka buledi."

"Cha ana ati?" anafunsa a Dulce.

"Usayambe nawenso."

A Dulce anagwira dzanja la Nuno n'kuyamba kutsika kanjira kopita kumsewu, komwe kuli chikwangwani chachikasu cha basi. Nuno ankayenda motsimphina chifukwa cha magolovesi m'jombo. Sanacheuke.

A Gaétan anatsala ataima, akusisita kumaso.

"Wasangalala?" anandifunsa. "Chilichonse iwe mpaka chipse."

"Zanga ndapepesa kale, kwa mwini wake. Tikambe zanu."

"Sukudziwa kanthu za banja, Maëlle. Ukadzakhala pakati pa mkazi ndi kholo udzamvetsa."

"Pakati pake panalibe mkazi kapena kholo. Panali mwana atavula jombo. Munaziona jombozo, achimwene, musandinamize, zinali pafupi ndi phazi lanu."

Anayang'ana pawindo. M'katimo bambo anali atamukhazika Zélie pamwendo, akumudyetsa kirimu ndi supuni. Aurèle anali atakanikiza mphuno pagalasi, akuyang'ana kumsewu.

"Bambo atsala okha chimwalirireni amayi," anatero a Gaétan. "Tchuthi chimenechi ndi chokhacho chimene amachiyembekezera chaka chonse. Ukufuna ndiwachititse manyazi pagulu?"

"Nuno amamuwerengera nthano usiku ndani? Anamuphunzitsa njinga ndani, si inu, pa kanjinga kamene ndinakonza ine? Kusukulu akaitana makolo amapita ndani? Zonsezo mumachita kumunsi, komwe bambo sakuona. Mukafika pamaso pawo mumamubweza ngati katundu wobwereka."

"Tsitsa mawu."

"Sinditsitsa."

Kumtunda, pokhota msewu, lipenga la basi linalira. Inatulukira pang'onopang'ono, matcheni akulira m'matayala. Kumunsi a Dulce anali atafika pachikwangwani, atamuimika Nuno patsogolo pawo, manja awo ali pamapewa ake. A Gaétan anayang'ana basi, kuyang'ana chitseko cha lesitilanti, kenako anapisa m'thumba n'kuyamba kuseweretsa makiyi a galimoto.

Ndinawaimirira kutsogolo kuti asayang'anenso kwina.

"Basi ndi iyo, achimwene. Ikanyamuka nawo, ine ndilowa m'katimo ndi inu, ndipo bambo akafunsa kuti mlendo wapita kuti, ndikufuna ndidziwiretu chimene mukanene. Nuno ndi ndani wanu? Siyani makiyiwo. Ndiyankheni."